ZA KUTHAMBO: Mai Wodziwa Saturn ndi Anthu Opanga Kanema

Mwezi uno tikambe za mai wina wa ku America, dzina lache Carolyn Porco, amene wathera zaka zambiri pa kuphunzira maiko ozungulira dzuwa.

Maiyu anabadwira mu mzinda wa New York m'chaka cha 1953, natsiriza maphunziro ache akuya pa sukulu ya Caltech mu 1983. Poyamba anagwira nchito pa zithunzi zochokera ku zombo zotchedwa Voyager. Pambuyo pache anamsankha akhale mtsogoleri wa gulu lojambula la chombo china, Cassini. M'chombomo munalibe munthu ai. Munali makina okhaokha. Chinanyamuka mu 1997, ndipo mu 2004 chinafika ku Saturn, dziko lalikulu lija lobvala mikombero ngati nkhata. Chinalizungulira zaka 13, kufikira 2017.

Monga ife tiri ndi mwezi umodzi, Saturn ali nayo yambiri. Mu 2005 zithunzi za gululi zinaonetsa chinthu chozizwitsa pa mwezi wina waung'ono, Enceladus: madzi oundana alikutumphuka m'ming'alu ya kumwera kwache, nauluka kutali m'mwamba. Tsopano akatswiri adziwa kuti pansi pa chikhungwa chache chozizira pali nyanja.

Koma taonani bvuto lache. Amene awerenga mabuku a akatswiri ndi owerengeka, pamene oonera kanema ali ngati mchenga. Chimene mwana achiona ndi maso achisunga mumtima, chingakhale chabodza. Chifukwa chache Mai Porco sanakane pamene opanga kanema anadza kudzapempha nzeru.

Kanema woyamba ndiye Contact, wa mu 1997, wochokera m'buku la Carl Sagan. Nkhani yache ndi ya mkazi wochera khutu ku mau ochokera ku nyenyezi, ndipo anasewera ndi Jodie Foster. Apo Mai Porco analangiza za makhalidwe a mkaziyo, kuti aganize ndi kulankhula monga katswiri weniweni.

Wachiwiri ndiye Star Trek, wa mu 2009, wa J. J. Abrams. Umu muli chombo chongopeka, Enterprise, chimene chifuna pobisala adani. Mai Porco ndiye anapereka nzeru yakuti chibisale pa Titan, mwezi waukulu wa Saturn, umene uli wophimbika ndi nkhungu yochindikala yofiirira. Motero oonera aona chombo chirikutuluka m'nkhungumo, Saturn ndi mikombero yache ali kumbuyo. Chombocho ndi nthano, koma nkhunguyo iripodi.

Apa pali phunziro la ife. Nthano siitha kukoma chifukwa chakuti mwalowa zoona, ikomerako. Opanga kanema aja akadaona ngati adziwa zonse, akadataya chithunzi chokongola chimene sakadatha kuchipeka okha. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Tsono inu makolo, ana anu akaonera kanema wa zakuthambo, musangowaletsa kapena kungowalekerera. Afunseni kuti, "Umu choona ndi chiti, chopeka ndi chiti?" Chikawakanika, apite nalo funsolo kwa aphunzitsi. Ndipo usiku wopanda mitambo, pa nyengo yache, tulukani nao pabwalo. Saturn aoneka ndi maso okha, ngati nyenyezi yachikasu yosaphethira kwambiri. Mikombero yokha ndiyo ifuna galasi loonera kutali.