Trump si Manchester United, ndipo phungu wanu si Bullets

Ligi ikatsala milungu iwiri kuti iyambe, mnyamata wa kunyanja kuno amaonetsa nzeru zake zonse. Lowani m'nyumba yoonetsera mpira pa Chintheche, pa Kande kapena pa Mpamba mumve. Munthu amene sukulu anaisiyira Fomu 2 akuuzani wosewera aliyense amene Arsenal yagula, mtengo wake, zaka zake, ngakhale bondo lomwe anavulala chaka chatha. Asodzi amene akusoka chilimira pamchenga akufotokozerani chifukwa chomwe Silver Strikers inalandira chikho cha TNM Super League mu 2024, Bullets itachisunga kasanu motsatizana kuyambira 2018. Kochi akalonjeza chikho, palibe amene amangovomera. Wagula ndani? Ndalama wazitenga kuti? Chaka chatha ananenanso zomwezo, tinathera pa nambala chani?

Ndiye nkhani ikhotere ku ndale, pa benchi lomwelo, anthu ake omwewo. Mafunso aja amazimiririka. Chotsala ndi mtundu wa malaya basi: wa buluu, wakuda ndi kufiira ndi kubiriwira, wachikasu, wa olenji. Amene amafunsa za bondo la munthu wa ku London uja safunsanso kuti mankhwala a pa chipatala cha kwawo amagula ndani.

Apa ndi pamene ine ndikukana. Sapota wa mpira ali ndi mitima iwiri. Woyamba umakonda timu popanda chifukwa: bambo ake anali a Wanderers, nayenso ndi wa Wanderers mpaka kumanda. Wachiwiri umaweruza kochi popanda chisoni: akagonja masewero atatu, nyimbo ndi ya "achoke". Ku ndale tinatengerako mtima woyamba, wachiwiri tinausiya pakhomo la nyumba ya DStv. Tasandutsa andale kukhala matimu, pamene iwo ndi makochi, anthu aganyu amene tinawalemba ntchito ndipo timawalipira ndi misonkho yathu.

Ndiyambe ndi America, chifukwa kumeneko ndi kumene usapota wathu unaonekera poyera. Chisankho cha pa 5 November 2024 chikuyandikira, m'magulu a WhatsApp a ophunzira ndi m'mabala a m'mbali mwa msewu wa M5 anthu anagawikana ngati ndi fainolo ya Champions League. Ena anali a Donald Trump, ati ndi mwamuna weniweni, salankhula mozungulira. Ena anamukonda chifukwa anamva kutchalitchi kuti amateteza Chikhristu. Ena anali a Kamala Harris, chifukwa ndi mayi komanso wa khungu lofanana ndi lathu. Mwa zifukwa zonsezi palibe ndi chimodzi chomwe chimakhudza Malawi. Trump atapambana, ena anasangalala ngati achinya chigoli okha.

Pa 20 January 2025, tsiku lomwe analumbira, Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo la America ku mayiko akunja kwa masiku 90. Pofika pa 1 July chaka chomwecho, USAID inali itatsekedwa. Kwa ife iyi sinali nkhani ya pa kanema. M'dziko muno anthu pafupifupi miliyoni imodzi ali ndi HIV, ndipo gawo lalikulu kwambiri la ndalama zothandizira anthuwa limachokera kunja, makamaka ku Global Fund ndi PEPFAR. Global Fund yomweyo, dziko lomwe lakhala likuponyamo ndalama zambiri ndi America. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma amene malungo amasautsa kwambiri, ndipo ntchito yolimbana ndi malungo nayo yakhala ikudalira ndalama zomwezo. Inu amene munamaliza maphunziro posachedwa mukudziwa bwino kuti mabungwe amene ankalemba ntchito achinyamata ophunzira, ambiri ankakhalira thandizo lomweli. Anzathu angati anabwerera kumudzi ndi kalata m'manja?

Sizinathere pomwepo. Kuyambira pa 20 August 2025, sabata yomwe tinali kalikiliki kukambirana masewero oyamba a ligi ya ku England, Mmalawi wofuna viza yokacheza kapena yokachita malonda ku America anayamba kuuzidwa kuti apereke chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Mayiko oyamba kuikidwa pa ndondomeko imeneyi anali awiri okha pa dziko lonse lapansi: Malawi ndi Zambia. Sapota uja amene anavina usiku wa chisankho, timu yake inamuthokoza chonchi.

Wina ayankha kuti ndiye kuti a Harris aja ndiwo anali ndi nzeru. Ayi, iwonso amangosapota. PEPFAR, yomwe yapulumutsa abale athu ambirimbiri, anaiyambitsa mu 2003 ndi George W. Bush, wa chipani cha Republican, chipani cha Trump chomwecho. Ndondomeko ya pulezidenti wa America yolimbana ndi malungo anaiyambitsanso ndi Bush yemweyo mu 2005. Munthu amene amangoyang'ana mtundu wa malaya sangamvetse kuti chipani chimodzi chingapereke lero n'kulanda mawa. Womvetsa ndi amene amayang'ana munthu, zolinga zake ndi zomwe analonjeza kwa anthu amene amamuvotera. Trump sanabise. Mawu oti America poyamba ankawanena pa msonkhano uliwonse. Ife, akatswiri owerenga nkhani za kugula ndi kugulitsa osewera, sitinawerenge.

Matendawa si athu okha. Ku America mpira wa m'mayunivesite, uja wogwira ndi manja wa mpira wooneka ngati dzira, uli ngati chipembedzo. Bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu oposa 100,000, ndipo mwezi wa August masapota amathera kukangana za timu yomwe idzachite bwino nyengo ikayamba, monga timachitira ife. Mu 2020 anthu a ku Alabama anasankha Tommy Tuberville kukhala senator, munthu amene anali asanagwirepo udindo uliwonse wosankhidwa ndi anthu koma ankadziwika chifukwa anakhala kochi wa timu ya yunivesite ya Auburn kwa zaka 10. Kusiyana kwake n'kwakuti Mmereka akalakwitsa povota, voti ndi yake ndipo dziko lake ndi lolemera. Ife kumeneko voti tilibe. Timangochemerera kuseri kwa mpanda, mpira ukatuluka n'kutimenya kumaso.

Ndipo ndivomereze mfundo imodzi ya anzanga a Trump: ndalamazo ndi za anthu a ku America, ali ndi ufulu wozikaniza. Zoona. Koma mfundo imeneyo ikutibweza kwathu, kumene voti tili nayo. Mu 2001 ku Abuja, atsogoleri a mayiko a mu Africa anagwirizana kuti gawo la 15 pa 100 alionse a bajeti lizipita ku zaumoyo. Maboma athu onse, posatengera chipani, kawirikawiri safikapo. N'chifukwa chake cholembera cha munthu mmodzi ku Washington chingagwedeze moyo wa mayi wa ku Usisya, kumene kufika kwake n'kodalira msewu woopsa wotsika phiri kapena kudikira Ilala. Funso limeneli linayenera kukhala pakamwa pathu kampeni ya chisankho cha pa 16 September 2025 ili mkati. Ndi angati tinalifunsa?

Andale athu anaudziwa kale mtima wathu wa usapota, ndipo amausewera ngati bawo. Bakili Muluzi ali pulezidenti anaika ndalama ndi dzina lake pa Bullets, timu n'kutchedwa Bakili Bullets, ndipo mu 2004 inafika m'magulu a CAF Champions League. Thandizo lija litatha, timu inabwerera m'mavuto a zachuma. Kumayambiriro kwa 2019, chisankho chili pafupi, Peter Mutharika analonjeza kumangira Bullets ndi Wanderers mabwalo awoawo ku Blantyre. Maboma anasintha, zaka zinadutsa, matimu awiriwa anapitiriza kusewerera pa Kamuzu Stadium. Kumudzi kuno sewero ndi lomwelo, kungoti ndi laling'ono. Chaka cha chisankho chikafika zikho zimamera ngati bowa: bonanza ya uje, chikho cha uje, mayunifomu okhala ndi nkhope ya munthu pamsana. Chisankho chikadutsa, bwalo limameranso udzu, anyamata n'kubwerera kosonkherana ndalama yogulira mpira umodzi. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna mavoti, koma zinthu zomwezo zikavala jezi timaziombera m'manja.

Ndikudziwa chomwe ena anene: kodi si Amalawi omwewa amene anachotsa Joyce Banda mu 2014, Mutharika mu 2020 ndi Lazarus Chakwera mu 2025? Kodi kumeneko si kuchotsa kochi? Ndi kuchotsa ndithu, ndipo n'chonyaditsa. Koma sapota weniweni sadikira zaka zisanu kuti alankhule. Amaona masewero aliyense, amadziwa zigoli, amakuwa timu yake ikasewera zopanda pake. Ife timakwiya tsiku limodzi, timavota, kenaka theka la dziko limakhala loteteza boma pa chilichonse, theka lina lotsutsa chilichonse. Mafuta akasowa, wa chipani cholamula amati ndi vuto la dziko lonse lapansi. Chipani chake chikatuluka m'boma, munthu yemweyo amati ndi kulephera kwa utsogoleri. Kochi amene akudziwa kuti masapota adzamuteteza mpaka tsiku lomuchotsa sasintha kaseweredwe.

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'chakuti boma la Nkhata Bay lili ndi mbiri ina. Clements Kadalie wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919, n'kugwedeza azungu a ku South Africa. Anthu amene anaomberedwa pa doko la Nkhata Bay pa 3 March 1959 anafera kufunsa boma la atsamunda za abale awo omangidwa. Orton Chirwa anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959. Ngati panali munthu woyenera kunena kuti timu ndi yake, anali iyeyo. Koma mu 1964, iye ndi Kanyama Chiume wa ku Usisya pamodzi ndi nduna zina anamuuza Kamuzu Banda pamaso kuti akulakwitsa. Chiume anakhala zaka pafupifupi 30 kunja kwa dziko. Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Amenewa anadziwa kusiyanitsa timu ndi kochi pa nthawi imene kutero kunali kuitana imfa. Ife zidzukulu zawo, amene palibe angatiponye ku Mikuyu chifukwa cha funso, tikuopa kudzudzula phungu chifukwa anatigulira mpira. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Tinasiya kutsina makutu a anthu athu, tikungotsina a adani.

Sindikunena kuti tisiye mpira. Chigoli chomwe Gabadinho Mhango anachinya Morocco ali patali ku Cameroon mu January 2022 chinagwirizanitsa dziko lino kuposa msonkhano uliwonse wa ndale umene ndinauonapo. Kondani timu yanu mopanda nzeru, mpira unapangidwira zimenezo, ndipo Arsenal ikagonja palibe mwana amene amasowa mankhwala. Ndikupempha kuti luso lomwe tili nalo kale tilisamutse. Chipani cha DPP chinalonjeza pa kampeni ya 2025 kuti dera la phungu aliyense lizilandira K5 biliyoni pa chaka. Limenelo ndi lonjezo la kochi ligi isanayambe. Tilifunse monga timafunsira la Manchester United. Ndalamazo zichokera kuti? Zafika zingati? Akuziyang'anira ndani? Zagula chiyani pa Tukombo, pa Kande, pa Mpamba? Khonsolo ya Nkhata Bay ili ndi bajeti, ndipo ife amene tikuwerenga mabuku ku yunivesite ndife oyenera kuipempha, kuiwerenga ndi kuimasulira m'Chitonga ndi m'Chichewa kwa amene akusoka chilimira aja. Iwo akaimva, mafunso otsatira adzafunsa okha, chifukwa kufunsa amakudziwa kale.

Amene munavotera Mutharika, ntchitoyi ndi yanu kuposa wina aliyense, chifukwa kochi ndi wanu. Amene munavotera Chakwera, musadikire kuti dziko ligonje kuti musangalale, chifukwa timu yomwe ikugonjayo mukuseweramo ndinu. Ndipo nonse amene mumakangana za Trump mpaka pakati pa usiku, mundiuze kaye dzina la khansala wa wodi yanu ndi zomwe analonjeza. Mukalephera, nkhani ya White House muisiye kaye.