Magazi otengedwa kuchipatala sagulitsidwa ayi

Pali mphekesera ina imene siifa m'dziko muno. Imazimirira kwa zaka zingapo kenako n'kutulukiranso, masiku ano makamaka pa WhatsApp ndi m'maminibasi. Imati magazi amene anamwino ndi anthu a kafukufuku amatenga kwa odwala, makamaka ana, sapita kukayezedwa koma amakagulitsidwa kunja, ndipo akatemera amene amabwera pambuyo pake ndi njira yoyesera mankhwala pa ana a anthu osauka. Ife tikuti limeneli ndi bodza, ndipo ndi bodza loti lapha kale anthu. Mu 2017, m'maboma a kummwera monga Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa powaganizira kuti ndi anamapopa. Bungwe la United Nations linachita kuchotsa antchito ake m'madera ena kwa kanthawi, ndipo ntchito zaumoyo m'midzi zinasokonekera.

Tiyeni tiwatsatire magaziwo, tione kumene amathera. Mwana wafika ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu Blantyre, thupi likutentha sabata yathunthu. Amubaya pachala kuyeza malungo, malungo sanapezeke. Namwino amapukuta pamkono natenga magazi osakwana sipuni imodzi ya tiyi. Kwa munthu wamkulu, amene ali ndi malita pafupifupi 5 m'thupi mwake, amatenga mwina masipuni awiri. Magaziwo amawathira m'kabotolo momwe muli kale madzi odyetsera mabakiteriya, n'kukaika kabotoloko m'makina otentha mofanana ndi thupi la munthu. Ngati m'magazimo munali tizilombo, timaswana, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri makinawo amapereka chizindikiro. Wa mu labotale amatenga kadontho, napaka pagalasi, nathira utoto, n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Kadontho kena amakapaka pa kambale kokhala ndi chakudya chouma ngati phala lozizira, n'kuyalapo timapepala tozungulira, kalikonse konyowetsedwa ndi mankhwala akeake. M'mawa mwake yankho limaoneka ndi maso. Pamene mankhwala ali ndi mphamvu, mozungulira kapepalako mumakhala moyera, simumera kanthu. Pamene mankhwala agonja, tizilombo timamera mpaka kukhudza kapepalako.

Tsono funsani mtima wanu: magazi osakanizidwa ndi madzi ena, okhala masiku pamalo otentha, odzaza ndi tizilombo, ndani angawagule, kuti akamuthire ndani? Akatha ntchito amawaphika m'makina a nthunzi kuti tizilombo tife, n'kuwataya pamodzi ndi zinyalala zina zoopsa zachipatala.

Chimene chinatuluka m'timabotolo timeneti ndicho tikufuna owerenga athu achidziwe. Kuyambira mu 1998, chipatala cha Gulupu mogwirizana ndi bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome chakhala chikuyeza motere magazi a odwala otentha thupi ndi kusunga zotsatira zake. Kuchokera mu 1998 mpaka 2010, tayifodi ankapezeka mwa anthu pafupifupi 14 okha pachaka. Mu 2011 anapezeka 67. Pofika mu 2014 anali 782. Choopsa kwambiri chinali chakuti mwa tizilombo 100 tilitonse topezeka m'chaka chimenecho, 97 sitinkamvanso mankhwala atatu amene madokotala ankadalira kuyambira kalekale: amoxicillin, chloramphenicol ndi Bactrim. Ofufuza atafukula chibadwa cha tizilomboti anapeza kuti ndi mtundu wotchedwa H58, umene unafalikira kuchokera ku Asia kudzera kum'mawa kwa Africa.

Tayifodi sadziwika ndi maso. Kachilombo kake, Salmonella Typhi, kamalowa ndi madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala. Kamadutsa khoma la matumbo, kabisala m'kati mwa maselo omwe ntchito yawo ndi kuteteza thupi, kafika kuchiwindi, kukapamba ndi m'mafuta a m'mafupa, kenako n'kukhuthukira m'magazi. Wodwala amatentha thupi, mutu umawawa, m'mimba mumapweteka, chilakolako cha chakudya chimatha. Mayi aliyense angati ndi malungo, ndipo sitingamudzudzule. Koma mankhwala a malungo a LA sachiza tayifodi. Matendawa akalekereredwa mpaka sabata yachitatu, matumbo amatha kubooka, ndipo pamenepo mwana amafunika opareshoni yamwadzidzidzi, imene ena sapulumuka. Chikhala kuti makolo onse a mu Blantyre anakana kupereka kasipuni ka magazi kaja, madokotala akanapitiriza kupereka mankhwala otha mphamvu, ana akanapitiriza kufa, ndipo pamaliro anthu akanamalozana zala kuti wina walodza. Chifukwa cha zotsatira za timabotolo tija, madokotala anadziwa kuti wodwala tayifodi ayenera kulandira mankhwala ena monga ciprofloxacin kapena ceftriaxone.

Za katemera nazo n'zosabisika. Katemera wa tayifodi amene anayesedwa ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira mu February 2018 anapangidwa ku India ndi kampani ya Bharat Biotech. Ana a ku India anali atayamba kale kumulandira, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linali litamuvomereza. Funso limene linatsala linali lakuti kodi agwira ntchito motani pa ana a kuno ku Africa. Ana oposa 28,000, a miyezi 9 mpaka zaka 12, analowa m'kafukufukuyo makolo awo atalola. Theka analandira katemera wa tayifodi, theka linalo katemera woteteza ku matenda oumitsa khosi, kotero panalibe mwana wobayidwa madzi chabe. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2021 zinaonetsa kuti katemerayo amachepetsa tayifodi ndi pafupifupi 80 pa 100, ndipo patatha zaka zinayi mphamvu yake inali isanatsike kwenikweni. Mu May 2023 boma linapereka katemerayu m'dziko lonse kwa ana osakwana zaka 15, ndipo tsopano mwana amalandira kusikelo akakwana miyezi 9. Ana a ku Ndirande aja anathandiza anzawo a ku Chitipa ndi ku Nsanje amene sadzawaona n'komwe.

Sitikunena kuti amene ali ndi mantha ndi opusa. Mantha amenewa ali ndi mizu. Ku Tuskegee m'dziko la America, kuyambira 1932 mpaka 1972, madokotala a boma anasiya dala amuna akuda odwala chindoko osawapatsa mankhwala, ngakhale penicillin atapezeka, pofuna kungoona mmene matendawo amawonongera thupi. Ku Kano m'dziko la Nigeria, mu 1996, kuyesedwa kwa mankhwala a Trovan pa ana odwala matenda oumitsa khosi kunathera m'makhoti. Kuno kwathu akuluakulu amakumbukira kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene kunamveka kuti magazi akupita ku South Africa. Munthu wokula akumva zoterezi sangaone jakisoni mtima uli m'malo. Ndipo n'zoona kuti pali zinthu zina zimene zimatumizidwa kunja: tizilombo tolimidwa mu labotale, nthawi zina ndi timadontho ta magazi, kuti tikaunikidwe ndi makina amene kuno ndi osowa. Kufunsa chifukwa chimene makinawo sakuchulukira kuno, ndiponso kuti akatswiri athu a ku Kamuzu University of Health Sciences azitsogolera okha ntchito zambiri, ndi funso labwino ndipo ife tidzapitiriza kulifunsa. Koma funso limenelo n'losiyana kutalitali ndi kunena kuti namwino ndi namapopa.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti malamulo ali kumbali yawo. Kafukufuku wokhudza anthu sayamba asanavomerezedwe ndi makomiti oona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga COMREC ndi NHSRC. Wofufuza ayenera kukufotokozerani m'chinenero chanu kuti atenga magazi ochuluka bwanji, akachita nawo chiyani, ndipo ngati ena atumizidwa kunja. Muli ndi ufulu wokana, kapena kusiya pakati, ndipo chithandizo cha mwana wanu sichichotsedwa chifukwa cha zimenezo. Ofufuza nawonso tikuwauza mosapsatira: pepala losainitsa mothamanga si chilolezo. Khalani pansi ndi mafumu ndi makolo, ndipo kafukufuku akatha bwererani kumudzi komweko mukanene zimene mwapeza. Pamene anthu sauzidwa kanthu, mphekesera ndiyo imawauza.

Ntchito yatsala ndi yaikulu. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi Mmalawi mnzathu Patrick Musicha, wofalitsidwa mu 2017, anaunika zotsatira za timabotolo pafupifupi 195,000 ta ku Gulupu. Anapeza kuti mabakiteriya a Klebsiella, amene amapha makanda ongobadwa kumene, osamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anali pafupifupi 12 pa 100 mu 2003, koma pofika 2016 anali opitirira 90 pa 100. Dokotala woimirira pafupi ndi khanda lotero alibe njira ina yodziwira mankhwala oyenera koma kuyeza magazi. Ndipo bodza lija logulitsa magazi limaopseza anthu kupereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service, pamene mayi wotaya magazi pobereka ndi mwana woyera m'maso chifukwa cha malungo akudikira thumba limodzi lokha.

Choncho owerenga athu, uthenga wa anamapopa ukafika pafoni yanu, musautumize kwa wina. Mwana akatentha thupi masiku atatu, malungo osapezeka, bwererani naye kuchipatala. Namwino akapempha magazi, mufunseni mafunso onse amene muli nawo, ndipo akakuyankhani momveka, muloleni ayeze.