M'mera Mpoyamba: Za Ndalama Yolowera pa Mpikisano

M'maiko ambiri masiku ano anyamata ndi atsikana amasonkhana kudzapikisana pa masewera a pa kanema. Awa ndi masewera amene munthu ayang'ana pa galasi la wailesi ya kanema kapena la kompyuta, nayendetsa zithunzi ndi kacipangizo ka mabatani kogwira m'manja. Ena mwa masewerawo ndi a mpira, ena ndi a nkhonya, monga Street Fighter ndi Tekken. M'mizinda yambiri ya ku America muli timipikisano tating'ono tocitika sabata ndi sabata m'sitolo kapena m'cipinda cobwereka. Okonza timipikisanoti amadandaula kuti ndalama sizikwanira, ndipo ena mwa iwo anena kuti mankhwala ace ndiwo kukweza ndalama yolowera. Mau amenewa ayenera kuyesedwa bwino, pakuti mwa iwo muli zoona ndi zolakwa zomwe.

Poyamba pafunika kudziwa kumene ndalamazo zipita. Kawirikawiri wosewera apereka ndalama ziwiri. Yoyamba ndi ya pakhomo, yolipirira nyumba, magetsi, mipando ndi makina. Yaciwiri ndi ya mphotho: zopereka za onse ziikidwa pamodzi, ndipo pomariza zigawidwa kwa opambana. Kagawidwe kodziwika ndiko kuti woyamba atenga magawo 60 mwa 100, waciwiri 30, wacitatu 10.

Za ndalama ya pakhomo, okonza ali ndi mlandu womveka. Mwini nyumba safunsa ngati masewera anakoma. Iye afuna lendi yace. Mabatani amatha, zingwe zimaduka, ndipo wokonza amanyamula makina olemera kupita nawo ndi kubwera nawo usiku. Ambiri acita nchito imeneyi popanda malipiro, ndipo ndalama zikaperewera atapa m'thumba mwao. Munthu wotere akatopa, mpikisano umafera pomwepo. Akulu anati, "Mutu umodzi susenza denga." Cifukwa cace, ngati lendi yakwera, nkoyenera kuti osewera onse aonjezepo pang'ono, malinga wokonza aonetse poyera zimene zalowa ndi zimene zaturuka. Munthu apereka mosanyinyirika akadziwa cimene ndalama yace yagula.

Koma kukweza ndalama kuti mphotho inenepe ndi nkhani yina. Masamu aonetsa cifukwa cace. Pa mipikisano yambiri ya masewera a nkhonya munthu aturuka akagonja kawiri. Ngati alowa anthu 32, anthu 16 agonja pa masewera oyamba, ndipo mwa iwowa 8 agonjanso pa aciwiri. Ndiye kuti munthu mmodzi mwa anai abwerera kwao wosapambana ngakhale kamodzi. Ngati yense anapereka madola 10 a mphotho, pamodzi akwana madola 320. Woyamba alandira 192, waciwiri 96, wacitatu 32, ndipo anthu 29 apita cimanjamanja. Tsono mphotho yonse icokera m'matumba a ogonja, ndipo ogonja msanga ndiwo acilendo, ana a sukulu ndi ena amene alinkuphunzira kumene.

Ndalamayo ikakwera kufika madola 20, akatswiri atatu aja akondwa, koma wophunzira aganiza kawiri. Ndani afuna kulipira zambiri kuti asewere kanthawi kocepa, kenaka nkukhala pansi kuonerera anzace? Ngati anthu 12 aleka kubwera, otsala 20 asonkha madola 400, ndipo mphotho ioneka ngati yakula. Koma cobvuta ciri pakhomo. Pamene anthu 32 opereka madola 5 a pakhomo anali kusonkha 160, anthu 20 asonkha 100 okha. Wokonza, amene anafuna kudzipulumutsa, apezeka kuti alinkuperewera madola 60 sabata iri yonse. Akakwezanso ya pakhomo kuti akwanitse lendi, enanso athawa. Potsiriza patsala akatswiri ocepa omangolandana ndalama okhaokha.

Pali ena amene anena kuti popanda mphotho yaikuru akatswiri sadzabwera, ndipo masewera sadzalemekezeka. Mbiri ya masewerawa iyankha mosiyana. Mpikisano wochuka wa Evo unayamba mu 1996 ku Sunnyvale, m'dera la California, ndi anthu 40 okha, dzina lace liri Battle by the Bay. Mu 2023, ku Las Vegas, anthu oposa 7,000 analembetsa pa masewera amodzi okha a Street Fighter 6. Unakula cifukwa khomo lace linali lotsegukira ali yense wofuna kuyesa, wodziwika ndi wosadziwika yemwe. Mu 2019 mnyamata wa ku Lahore, m'dziko la Pakistan, dzina lace Arslan Ash, anadabwitsa anthu popambana masewera a Tekken 7 pa Evo ya ku Japan ndi pa Evo ya ku America caka comweco. Iye anaphunzira luso lace m'tinyumba ta masewera ta mumzinda wa kwao, momwe mnyamata asewera ndi ndalama yocepa. Katswiri ali yense anayamba ali mbuli yogonja kawiri nkuturuka. M'mera mpoyamba, wotseka khomo kwa wophunzira wa lero wazula mbeu ya katswiri wa mawa.

Ngakhale eni masewera ena anaona kuti malire afunika. Mu 2023 kampani ya Nintendo, ya ku Japan, inaturutsa malamulo a mipikisano ing'onoing'ono ya masewera ace. Ku America malamulowo anati wosewera asalipitsidwe koposa madola 20, ndipo osewera osonkhana pamalo amodzi asapitirire 200. Anthu ambiri anadandaula kuti malamulowo ngouma, koma asonyeza kuti mpikisano wa m'dera ndi bwalo la masewera, si msika wopezerapo cuma.

Nanga mphotho icokere kuti? Njira ziripo. Kuyambira mu 2013 kampani ya Valve inayamba kugulitsa zinthu za m'masewera a Dota 2 kwa okonda masewerawo, ndi kuika gawo limodzi mwa magawo anai a ndalamazo pa mphotho ya mpikisano wace waukuru, The International. Mu 2021 mphothoyo inaposa madola 40 miliyoni. Ndalamazo zinacokera kwa ogula mwa kufuna kwao, osati kwa osewera pakhomo. Mpikisano waung'ono sungafike pamenepo, koma nzeru yace ingabwerekedwe. Oonerera angaponye kangacepe m'mbale. Pakhomo pangagulitsidwe zakudya ndi zakumwa. Wamalonda wa pafupi angapereke mphatso kuti dzina la sitolo yace limveke. Akatswiri ofuna mphotho yaikuru angakhale ndi mpikisano wao wapadera kamodzi pa mwezi kapena pa caka, pamene wa sabata ndi sabata ukhalabe wa mtengo wocepa. Ndipo wobweretsa makina ace kudzathandiza angakhululukidwe ya pakhomo, monga acitira m'malo ambiri.

Cotero wokonza wanzeru asiyanitsa ndalama ziwirizi. Ya pakhomo aikweza pokhapokha zofunika zikakwera mtengo, nauza anthu cifukwa cace. Ya mphotho aisunga pansi, kuti mwana wa sukulu wosunga tindalama tace athe kubweranso sabata yamawa, ngakhale anagonja kawiri.

MAFUNSO

1. Chulani ndalama ziwiri zimene wosewera apereka, ndi nchito ya iri yonse.
2. Ngati alowa anthu 64, ndi angati adzaturuka osapambana ngakhale kamodzi?
3. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, "M'mera mpoyamba."