Mkaka suchotsa poizoni wa resin, amangwetu

Abale anzanga, sabata ino ndale tiziike kaye pambali. Ndikufuna tikambe za mphuno ndi mapapo a anyamata athu amene amamata mabampala a maminibasi ndi zigoba za njinga zamoto za kabaza pa Chinakanaka.

Ntchito yawo ine ndimaigomera. Bampala ikang'ambika, yatsopano mtengo wake ngwoboola m'thumba. Ndiye anyamatawa amayala ulusi wa fibreglass, kupaka resin wothira timadontho ta hadina, posakhalitsa chinthu chauma gwa! Koma kafungo kaja kamene kamakulonjerani musanafike n'komwe pagalaja kali ndi dzina. Ndi styrene. M'chitini cha resin, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi iyeyu, ndipo mukangotsegula amayamba kuuluka. Mu filler wotsekera mabowo namonso alimo.

Styrene amawawitsa mutu, amayabwa m'maso ndi kummero, amachititsa chizungulire ngati walawa kachasu m'mamawa. Ukamupuma zaka zambiri makutu amayamba kugontha, makamaka pakakhalanso phokoso la girayinda. Mu 2018 akatswiri a IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa ku Lyon m'dziko la France, anamuika m'gulu la mankhwala amene n'kutheka ndithu kuti amayambitsa khansa.

Nanga mabwana athu amatani? Amagulira mnyamata paketi ya mkaka, ati utsuke m'chifuwa. Aaa, bodza ili! Mkaka umapita m'mimba, mpweya woipa umapita m'mapapo. Zikakumana kuti? Kansalu kapamphuno kaja tinkavala nthawi ya Covid nakonso kamangotchinga fumbi, mpweyawu umadutsa bwinobwino. Chofunika ndi masiki ya timakasha ta makala, ndipo timakashato tizisinthidwa.

Zina sizilira ndalama ayi. Mpweya wa styrene ngwolemera kuposa mpweya wamba, umakhazikika pansi pomwe mnyamata wanjuta. Choncho matirani pashedi yopanda zipupa, mphepo izikuombani kumsana, chomatacho chikhale pathebulo. Chitini chizikhala chovundikira. Sakanizani pang'onopang'ono, wokwanira chigamba chimodzi basi. Hadina asapitirire magawo 2 pa 100 aliwonse, chifukwa mukachulutsa pofuna kuti ziume msanga, resin amatentha n'kufuka koposa. Mukatha kupaka, phimbani chigambacho ndi pepala la pulasitiki mpaka chiume. Fungo limachepa, pamwamba pamatuluka posalala.

Palinso resin wina wothiridwa phula. Phulalo limayandama pamwamba n'kutsekera styrene mkati pamene chigamba chikuuma. Kungoti musanaonjezere ulusi wina muyambe mwapala ndi sandipepa. Mukapita kokaoda ku Limbe, funsani ngati alipo. Paja safunsa anadya phula!

Chenjeraninso ndi moto. Resin sagwirizana ndi ndudu, mbaula kapena zothetheka za owotcherera. Hadina akakugwerani m'diso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala, chifukwa amatha kuchititsa khungu. M'manja musamasambe ndi thina kapena petulo.

Tsono mawu anga apite kwa akuluakulu. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito, Occupational Safety, Health and Welfare Act. Lamuloli limati wolemba ntchito ateteze antchito ake. Inu a ku Unduna wa Zantchito, musathere m'mafakitale a tiyi mokha. Tsikani pa Chinakanaka, pa Nkando, pa Chitakale, mukaphunzitse anyamatawa m'chinenero chawo.

Nafenso eni magalimoto tili ndi mlandu. Timakakamira kuti bampala ithe lero lomwe, pamtengo wa bonya. Mnyamata akakuuzani kuti mubwere mawa, n'kuonjezera kangachepe ka masiki, musanyinyirike. Ufulu umene tinavotera mu 1993 ndi wa iyenso, ndipo mapapo sagulitsa kwa oshopa masipeyala ku Limbe.

Tionane sabata yamawa.