Mphamvu Zimamera Usiku

Mwezi uno tiyeni tikambirane za tulo.

Tsiku lina ndinaima pa bwalo la mpira kufupi ndi Mpanshya kuonerera anyamata athu. Cigawo coyamba anathamanga ngati agwape, koma caciwiri miyendo inawalemera, ndipo mmodzi anakhala pansi atagwira nchafu. Nditafunsa, anandiuza kuti dzulo lake anacezera kuonerera mpira wa ku Ulaya pa sitolo ina m'mbali mwa mseu wa Great East, ndipo tambala polira anali kale ndi khasu paphewa.

Ambiri timayesa kuti mphamvu zimabwera pamene tikuthamanga, kulima kapena kukankha njinga ya makala pa zitunda za kuno ku Rufunsa. Si conco ai. Nchito yolemetsa imang'amba minofu pang'onopang'ono, ndipo thupi limaikonza tikagona. M'tulo tofa nato ndi mmene thupi limatulutsa kwambiri mahomoni okulitsa ndi kucilitsa minofu. Wogona mopereŵera amadzuka minofu isanapole, amatopa msanga, ndiponso sacedwa kuvulala.

Mu 2011 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford ku America anaulutsa zimene anapeza pa anyamata 11 osewera basketball. Anawapempha kukhala pabedi maola 10 usiku uliwonse kwa milungu 5 mpaka 7. Pamapeto pake anyamatawo anayamba kuthamanga mwaliwiro kuposa kale, ndipo mipira yambiri imene anaponya inalowa. Madokotala amalangiza kuti wamkulu azigona maola osacepera 7, pamene mwana wa zaka 13 mpaka 18 afunika maola 8 mpaka 10.

Nanga ticite ciani? Pabanja pakhale nthawi imodzi yogonera, ndipo mafoni aziikidwa patali ndi mphasa. Tizigona m'neti, pakuti udzudzu umaba tulo usanabweretse malungo. Kucezera pamaliro ndi udindo wathu, koma wocezerayo asakwere njinga yolemera m'mawa mwake pa mseu wodutsa malole, ayambe wapumula.

Inu makolo, mmera m'poyamba. Mwana wogona bwino musamuche waulesi. Thupi lake lili pa nchito imene maso athu saiona, ndipo phindu lake lidzaoneka kumunda, kusukulu ndi pa bwalo.