Mwana Akuopa, Inu Mukuti Ndi Mwano

Pamsika wa Chongwe, mwana wa autism akatseka makutu n'kuyamba kukuwa, mlandu umagamulidwa pomwepo: "Amake anam'lekerera." Ena amati analodzedwa, ena amati atate ake anam'khwimira kuti alemere. Palibe wofunsa ngati mwanayo akuopa.

Akuopadi. Kafukufuku wa mu 2011 anapeza kuti pafupifupi ana 4 mwa 10 alionse a autism amavutikanso ndi nkhawa yaikulu. Hutala ya minibasi, phokoso la chigayo, ngakhale kungosintha njira yopitira kusukulu, kwa iye ndi ngozi. Sagona, amakana chakudya, amadzimenya. Ndiye ife timam'nyamula kupita naye kumapemphero a usiku wonse, pansi pa masipika, anthu khumi atam'gwira mutu akukalipira chiwanda. Mwana wofuna bata! Mawa akaipiraipira timati chiwandacho n'champhamvu.

Tsono taonani amake. Mwana akapanda kugona, iwonso sagona. Munthu wotopa mawu amakwera, mtima umafupika. Mwana amaona, mantha ake n'kukula, usiku wotsatira n'kutalika. Koma musathamangire kunena kuti ndiye vuto ndi amai. Bodza limenelo n'lakale. Bruno Bettelheim analifalitsa ku America m'ma 1960, kuti autism imayamba chifukwa cha amai opanda chikondi, ndipo madokotala analitaya kalekale. Ife talitola n'kuliveka chitenje.

Chimene chimawadwalitsa amaiwo si mwana yekha. Ndi apongozi oloza chala, mwamuna amene anachoka, aneba oletsa ana awo kusewera pakhomopo. Chipatala cha Chainama chili pa Great East Road pomwepa, koma ndani angakwere basi mosavuta pamene ife achinyamata tinasandutsa dzinalo chitonzo cha m'komboni?

Malamulo alipo: la anthu olumala la 2012, la thanzi la maganizo la 2019. Ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika K25.7 miliyoni mu 2022. Msonkhano wa komiti ya chitukuko cha wadi ukaitanidwa, pitani mukafunse kuti kalasi yabata ili pasukulu iti, mphunzitsi wophunzira ku ZAMISE ali kuti. Ndipo Loweruka lino, m'malo motumiza vesi pa WhatsApp, kakhaleni ndi mwanayo maola awiri, amake agoneko.