Amayi akayende, mbale tsukani ndinu

Asisi, tikambeko za amayi ndi azakhali athu a zaka 40 kupita m'tsogolo, amene amakhala pa desiki kuyambira m'mawa mpaka 5 koloko. Akanenepa pang'ono, mumva anthu akuti "mwadzitaya, abambo akuthawani." Koma palibe amafunsa kuti nthawi yolimbitsa thupi aipeza kuti, poti akaweruka kunyumba kukudikira mphika, zochapa ndi homuweki ya ana.

Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, komanso minofu masiku awiri. Ndi mphindi 30 basi, masiku asanu. Kutsika minibasi siteji imodzi msanga, kukwera masitepe, kuchepetsa shuga mu tiyi, zonsezi zimaposa timankhwala tophwetsa mimba togulitsidwa pa WhatsApp.

Komatu mphindi 30 zimenezo sizibwera zokha. Wina akolope, abambo nawonso aphike.

Amayi achepetse thupi chifukwa cha BP, shuga ndi mawondo awo, osati poopa kusiyidwa. Nafenso tikulowera komweko. Madzulo ano alandireni mthiko, avale nsapato, akayende.